Kukaona sunagoge wakale wa Ayuda ku Cape Town: zoyenera kudziwa tisanalowe pakhomo

Mawu oti sunagoge si achilendo kwa ife. Tinakula tikuwamva ku Sukulu ya Sabata komanso m'kalasi la Bible Knowledge ku sekondale. Tikudziwa kuti Yesu ankalowa m'sunagoge tsiku la Sabata, kuti Yairo anali mkulu wa sunagoge, ndi kuti Paulo akafika mumzinda wachilendo ankayambira kumeneko. Koma titafunsidwa kuti mkati mwa sunagoge muli chiyani, ambiri tingasowe chonena. Ena timayesa kuti ndi dzina lina la kachisi wa ku Yerusalemu. Ena tikamva mawuwa timathamangira kuganiza za tchalitchi cha malemu T.B. Joshua ku Lagos, chomwe ndi mpingo wachikhristu chabe umene unangotenga dzinalo.

Masunagoge alipo mpaka lero, ndipo anthu akupempheramo tsiku ndi tsiku. Wakale kwambiri mwa omwe anamangidwa ku South Africa ali ku Cape Town, mzinda umene abale athu ambiri akugwirako ntchito, ndipo alendo amaloledwa kukamuona. Ambiri mwa ife posachedwa tiimirira kutsogolo kwa ana n'kumawaphunzitsa mbiri ndi zachipembedzo. Zimene tidzanene zokhudza Ayuda, ana adzazitenga ngati choonadi. Choncho ndi bwino tidziwe chimene sunagoge ali, mbiri ya amene ali ku Cape Town, ndi mmene mlendo ayenera kukhalira akafikako.

Kusiyana kwa kachisi ndi sunagoge

Kachisi anali mmodzi yekha, ku Yerusalemu. Kumeneko kunali guwa la nsembe, ndipo otumikira anali ansembe a banja la Aroni. Kachisi woyamba anawonongedwa ndi Ababulo cha m'ma 586 B.C., ndipo wachiwiri anagwetsedwa ndi asilikali a Aroma motsogozedwa ndi Tito m'chaka cha 70 A.D. Kuyambira pamenepo Ayuda sanaperekenso nsembe za nyama.

Sunagoge ndi nyumba yosonkhaniramo, ndipo angamangidwe paliponse pamene pali Ayuda okwanira. Dzinali ndi la Chigiriki, tanthauzo lake ndi msonkhano. M'Chihebri amati beit knesset, kutanthauza nyumba ya msonkhano. Ayuda ochokera kum'mawa kwa Ulaya, omwe ankalankhula Chiyidishi, amangoti shul, mawu amene anachokera kumodzi ndi mawu oti sukulu. Kwa ife ophunzira zauphunzitsi dzina limeneli lili ndi phunziro, chifukwa likusonyeza kuti kwa eni ake, kupemphera ndi kuphunzira zimachitikira pansi pa denga limodzi.

Masunagoge anayamba kachisi wachiwiri akadalipo. Zolembedwa zakale kwambiri zotchula nyumba zopemphereramo Ayuda zinapezeka ku Iguputo, ndipo ndi za m'zaka za m'ma 200 B.C. Ku Yerusalemu kunapezeka mwala wolembedwa m'Chigiriki wotchula munthu wina dzina lake Theodotus, amene anamanga sunagoge kuti anthu aziwerengamo Chilamulo, aziphunziramo malamulo, komanso kuti alendo ochokera kutali azipezamo pogona. Mu 2009 akatswiri ofukula zakale anapeza sunagoge wa m'nthawi ya Yesu ku Magadala, m'mbali mwa nyanja ya Galileya. Kachisi atagwa, masunagoge ndi amene anasunga chipembedzo cha Ayuda m'mayiko onse kumene anabalalikira. Mapemphero a m'mawa ndi a masana analowa m'malo mwa nsembe zimene zinkaperekedwa pa nthawi zomwezo.

Mtsogoleri wa sunagoge amatchedwa rabi, ndipo udindo wake ndi wa mphunzitsi wa Chilamulo. Iye si wansembe. Mapemphero angachitike ngakhale palibe rabi, bola pakhale anthu 10 achikulire, chiwerengero chimene amachitcha minyan. M'masunagoge a gulu la Orthodox, lomwe limatsata miyambo yakale mosamalitsa, owerengedwa pa 10 amenewa ndi amuna okha a zaka 13 kapena kuposa.

Mmene Ayuda anafikira ku Cape Town

Pa nthawi imene kampani ya Adatchi ya Dutch East India Company inkalamulira ku Cape kuyambira mu 1652, antchito ake ankayenera kukhala Akhristu a Chipulotesitanti. Ufulu wa chipembedzo unabwera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, ndipo Angerezi atatenga dzikolo mu 1806, Ayuda ochokera ku Britain ndi ku Germany anayamba kufika pang'onopang'ono. Mu Sepitembala 1841, madzulo oyamba Tsiku la Chitetezero, lomwe iwo amalitcha Yom Kippur, amuna 17 anasonkhana m'nyumba ya wamalonda wina dzina lake Benjamin Norden n'kuchita mapemphero. Mpingo umene unabadwa pamenepo unatchedwa Tikvath Israel, kutanthauza Chiyembekezo cha Israeli. Umenewu ndi mpingo wa Chiyuda wakale kwambiri ku South Africa.

Mu 1863 mpingowu unamanga sunagoge wake m'mbali mwa munda wa Company's Garden. Nyumbayi ndi yaing'ono, ndipo kutsogolo kwake kuli mizati yotengera mamangidwe a ku Iguputo wakale. Imeneyi ndiyo masiku ano imatchedwa Old Synagogue.

Zinthu zinasintha kwambiri miyala ya dayamondi itapezeka ku Kimberley cha m'ma 1870 ndi golide ku Witwatersrand mu 1886. Migodi yomweyo imene pambuyo pake inadzakoka agogo athu kupita ku Joni inakokanso Ayuda osauka a ku Lithuania, dziko limene pa nthawiyo linali pansi pa ufumu wa Russia. Kumeneko Ayuda ankaletsedwa kukhala m'madera ambiri, ntchito zambiri zinali zotsekedwa kwa iwo, ndipo m'madera ena a ufumuwo magulu achiwawa ankawaukira ndi kuwapha. Pakati pa 1880 ndi 1914 Ayuda pafupifupi 40,000 anafika ku South Africa, ambiri mwa iwo ochokera ku Lithuania. Ochuluka anayamba ndi geni yoyenda ndi katundu m'mafamu, kugulitsa singano, nsalu ndi mipeni. Ena anakhazikika ku Oudtshoorn n'kumachita malonda a nthenga za nthiwatiwa.

Anthu atachuluka, nyumba ya 1863 inachepa. Mu 1905 anatsegula sunagoge wamkulu pafupi pomwepo, wa nsanja ziwiri ndi denga lozungulira pakati, wokhalamo anthu oposa 1,000. Dzina lake ndi Great Synagogue, koma anthu a mumzindamo amangoti Gardens Shul. Anamutsegula ndi Hyman Liberman, yemwe pa nthawiyo anali meya wa Cape Town, Myuda woyamba kukhala pa udindowo. Khomo lolowera m'dzikomo linadzatsekeka pambuyo pake: lamulo la 1930 linachepetsa kwambiri olowa kuchokera kum'mawa kwa Ulaya, ndipo lina la 1937 linatsekereza ambiri amene ankathawa Hitler ku Germany. M'zaka za m'ma 1970 Ayuda ku South Africa anafika pafupifupi 120,000, koma ambiri asamukira ku Israel, Australia, Britain ndi America, moti otsala ndi pafupifupi 50,000.

Sunagoge wa 1863 tsopano ndi gawo la nyumba yosungiramo zinthu zakale ya South African Jewish Museum, yomwe Nelson Mandela anaitsegula mu Disembala 2000. Sunagoge wa 1905 akugwirabe ntchito, ndipo mpingo umapempheramo. Kusiyana kumeneku n'kofunika kukukumbukira. M'nyumba yoyamba timakaona zinthu zosungidwa, pamene yachiwiri ndi nyumba ya mapemphero ya anthu amoyo.

Pachipata

Malowa ali mumsewu wa Hatfield, ndipo chinthu choyamba chimene mlendo amakumana nacho ndi achitetezo. Amafunsa chiphaso chokhala ndi chithunzi, monga pasipoti, ndipo angathe kuyang'ana m'chikwama. Ife amene tinazolowera matchalitchi otsegula zitseko kwa aliyense tingaone ngati akutikayikira, makamaka pokhala anthu akuda ochokera kunja. Koma mafunso amenewa amafunsidwa kwa mlendo aliyense, ndipo chifukwa chake chili m'mbiri. Usiku wa pa 9 Novembala 1938 masunagoge mazanamazana anatenthedwa ku Germany ndi ku Austria. Pa 27 Okutobala 2018 munthu wina analowa ndi mfuti m'sunagoge wa Tree of Life ku Pittsburgh, ku America, tsiku la Sabata, n'kupha anthu 11. N'chifukwa chake masunagoge ambiri padziko lapansi ali ndi alonda pakhomo. Kuyankha mafunso awo mofatsa ndi ulemu woyamba umene mlendo angapereke.

Zimene zili mkati

Tikalowa m'sunagoge aliyense, maso athu ayambe ayang'ana khoma lakutsogolo. Pamenepo pali kabati yaikulu yotchingidwa ndi katani yopetedwa bwino. Dzina lake ndi aron kodesh, kutanthauza likasa lopatulika, pokumbukira likasa la chipangano. Mkati mwake mumasungidwa mipukutu ya Chilamulo. Mwambo ndi woti likasali likhale ku khoma loloza ku Yerusalemu, kotero Ayuda a ku Ulaya amapemphera atayang'ana kum'mawa, pamene kwa ife a kummwera kwa Africa Yerusalemu ali chakumpoto. Pamwamba pa likasa nthawi zambiri pamakhala chithunzi cha magome awiri a Malamulo Khumi, olembedwa ndi mawu oyamba okha a lamulo lililonse m'Chihebri.

Patsogolo pa likasa pamalendewera nyale imene sizima usana ndi usiku. Imatchedwa ner tamid, ndipo imakumbutsa nyale ya m'chihema yofotokozedwa pa Eksodo 27. Masiku ano yambiri ndi yamagetsi.

Chachitatu ndi nsanja yokhala ndi tebulo lalikulu, yotchedwa bimah. Pamenepo ndi pamene amatambasulira mpukutu n'kuwerenga. M'masunagoge ambiri a Orthodox nsanjayi imakhala pakati pa nyumba, anthu atazungulira, kuti aliyense amve bwino mawu owerengedwa. M'matchalitchi athu maso onse amayang'ana pa gome la mlaliki. M'sunagoge malo aulemu ndi a mpukutu, ndipo ulaliki wa rabi umakhala waufupi poyerekeza ndi kuwerenga.

Tikakweza maso ku Gardens Shul tiona khonde lam'mwamba lokhala ndi mipando. Kumeneko ndi kokhala amayi, chifukwa m'masunagoge a Orthodox abambo ndi amayi sakhala pamodzi pa nthawi ya mapemphero. Zimenezi sizingatidabwitse kwenikweni, poti m'matchalitchi ambiri akumudzi kwathu abambo amakhala mbali ina, amayi mbali ina. M'masunagoge a gulu la Reform, lomwe ku South Africa limatchedwa Progressive, mabanja amakhala pamodzi ndipo amayi amatha kukhala arabi.

Chinanso choti tione ndi chimene mulibe. Simupezeka chosema kapena chojambula cha Mulungu, cha Mose kapena cha mneneri aliyense. Zokongoletsa zake ndi zilembo za Chihebri, maluwa, mikango, choikapo nyale cha nthambi 7 ndi nyenyezi ya nsonga 6 yotchedwa Nyenyezi ya Davide. Magalasi amitundumitundu a m'mawindo a Gardens Shul amatsata mwambo womwewu.

Mpukutu wa Chilamulo

Chuma chenicheni cha sunagoge ndi mpukutu wa Torah, womwe uli ndi mabuku 5 a Mose, kuyambira Genesis mpaka Deuteronomo. Sudindidwa ndi makina. Amalemba ndi dzanja mlembi wophunzitsidwa bwino, wotchedwa sofer, pa zikopa za nyama yololedwa kudya, ndi cholembera cha nthenga kapena bango. Mpukutu wathunthu uli ndi zilembo 304,805, ndipo kuulemba kumatenga pafupifupi chaka chathunthu. Chilembo chimodzi chikalakwika kapena kufufutika, mpukutuwo suwerengedwa pagulu mpaka atakonza. Ukakalamba kwambiri sautaya kudzala kapena kuutentha. Amauika m'manda ngati munthu.

Powerenga sakhudza zilembo ndi chala. Amagwiritsa ntchito kandodo kasiliva kokhala ndi kadzanja kumapeto, kotchedwa yad. Mu mpukutu mulibe zizindikiro za mavawelo kapena zopumira, choncho wowerenga amayenera kukonzekera masiku angapo kuti adziwe katchulidwe ndi kaimbidwe ka mawu alionse. Torah inagawidwa m'zigawo 54, ndipo amaiwerenga yonse m'chaka chimodzi. Akafika kumapeto kwa Deuteronomo, tsiku lomwelo amayambanso Genesis, pa chikondwerero chotchedwa Simchat Torah, pomwe amavina atanyamula mipukutu.

Mpukutu umatulutsidwa Lolemba, Lachinayi ndi pa Sabata. M'mawa wa Sabata anthu 7 amaitanidwa mmodzimmodzi kukaima pa nsanja pamene gawo la sabatayo likuwerengedwa, kenako amawerenga gawo lina la m'mabuku a aneneri. Tikadziwa zimenezi, nkhani ya pa Luka 4 imamveka bwino. Yesu atapatsidwa mpukutu wa Yesaya ku Nazarete, ankachita zimene wopembedza wina aliyense akanapemphedwa kuchita. N'chimodzimodzinso pa Machitidwe 13, pomwe akulu a sunagoge wa ku Antiokeya wa ku Pisidiya anapatsa Paulo mwayi wolankhula atatha kuwerenga Chilamulo ndi aneneri.

Tsiku loti tipite

Apa ndi pamene ife osunga Sabata tingasokonezeke. Tingaganize kuti tsiku labwino lokaona sunagoge ndi la Sabata masana, titatuluka m'tchalitchi. Koma tsiku limenelo nyumba yosungiramo zinthu zakale imakhala yotseka, ndipo Lachisanu imatseka msanga kuti antchito akakonzekere. Imatsekanso pa masiku a zikondwerero monga Paskha, chaka chatsopano cha Chiyuda ndi Tsiku la Chitetezero. Masiku amenewa amatsata kalendala ya mwezi, motero amasuntha chaka ndi chaka. Wanzeru amayang'ana pa intaneti kapena kuimba foni asananyamuke. Ndi bwinonso kufunsiratu nthawi imene alendo amaloledwa kulowa m'sunagoge wamkulu, chifukwa nthawi zake zimasiyana ndi za nyumba ya zinthu zakale.

Sabata ya Ayuda imayamba dzuwa likamalowa Lachisanu monga yathu, koma amayatsa makandulo mphindi 18 dzuwa lisanalowe, ndipo amaitseka kukada, nyenyezi zitatu zikaoneka. Arabi akale anandandalika mitundu 39 ya ntchito zoletsedwa, kuphatikizapo kuyatsa moto, kulemba ndi kunyamula katundu pamsewu. Potengera zimenezi, Myuda wa Orthodox pa Sabata sayendetsa galimoto, sayatsa kapena kuzimitsa magetsi, sagwira foni kapena ndalama. M'sunagoge simuyendetsedwa mbale ya chopereka, ndipo simuimbidwa chida chilichonse. Kwaya ya amuna ya ku Gardens Shul imaimba pakamwa pokha, motsogozedwa ndi woimba mapemphero wotchedwa chazan.

Wofuna kukakhala nawo pa mapemphero a Sabata apemphe chilolezo ku ofesi ya sunagoge masiku angapo zisanachitike. Akaloledwa, azimitse foni asanalowe pachipata, asajambule zithunzi, ndipo asatulutse cholembera ndi kope monga tinazolowera kuchitira pa ulaliki.

Khalidwe la mlendo

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Pali miyambo ingapo imene ikusiyana ndi yathu, ndipo kuidziwiratu kumapewetsa manyazi.

Kwathu bambo akamalowa m'tchalitchi amavula chipewa. M'sunagoge amavala. Mwamuna aliyense, kaya ndi Myuda kaya ayi, amaphimba kumutu ndi kachipewa kakang'ono kotchedwa kippah, ndipo alendo nthawi zambiri amabwerekedwa pakhomo. Kuvala kachipewaka sikutanthauza kuti munthu wasintha chipembedzo. Ndi ulemu kwa eni nyumba. Koma nsalu ya mphonje imene amuna amafunda popemphera, yotchedwa tallit, ndi ya Ayuda okha, pakuti mphonje zake ndi chikumbutso cha malamulo monga zalembedwera pa Numeri 15. Mlendo asaitenge kuti ajambulitse nayo. Amayi avale zofika m'munsi mwa mawondo ndi zophimba mapewa, monga timavalira pa Sabata. Nsapato sizivulidwa ngati kumzikiti, kupatula m'malo ochepa monga sunagoge wa Paradesi ku Kochi, ku India, kumene amateteza matailosi akale a pansi.

Kwathu kupatsana moni wa dzanja ndi ulemu waukulu, koma Ayuda ena a Orthodox sagwirana dzanja ndi munthu amene si mwamuna kapena mkazi mnzawo. Tidikire kuti mwini malo ayambe ndiye kutambasula dzanja. Akapanda kutero, kuweramitsa mutu pang'ono n'kokwanira. Moni wawo ndi shalom, kutanthauza mtendere, ndipo pa Sabata amati Shabbat shalom.

Likasa likatsegulidwa kapena mpukutu ukanyamulidwa, aliyense amaimirira. Mabuku a mapemphero saikidwa pansi, ndipo amatsegulidwa kuchokera kumanja chifukwa Chihebri chimawerengedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere. Pamphuthu za zitseko zambiri pali kabokosi kakang'ono kopendekeka, kotchedwa mezuzah, komwe muli kachikopa kolembedwa mawu a pa Deuteronomo 6 ndi 11. Eni ake amakakhudza polowa, koma mlendo sakakamizidwa kutero.

Tisalowe ndi chakudya chathu. Ife ndi Ayuda timawerenga Levitiko 11 yemweyo, ndipo tonse sitidya nkhumba kapena nsomba zopanda mamba monga mlamba. Koma malamulo awo a zakudya, otchedwa kosher, amapitirira pamenepo. Nyama iyenera kuphedwa mwa njira yake ndi munthu wophunzitsidwa, ndipo nyama ndi mkaka siziphikidwa kapena kudyedwa pamodzi, ngakhale mbale zake zimakhala zosiyana. Nkhuku yokazinga ya m'kabokosi kathu, ngakhale ndi yoyera kwa ife, kwa iwo si kosher. Pamalopo pali malo odyera otchedwa Café Riteve omwe amatsata malamulo amenewa.

Tisamalenso ndi mawu. Dzina la Mulungu la zilembo 4, limene Buku Lopatulika limalemba kuti Yehova, Ayuda salitchula pakamwa. Popemphera amati Adonai, kutanthauza Ambuye, ndipo pocheza amati HaShem, kutanthauza Dzinalo. Mabuku amene ife timati Chipangano Chakale iwo amawatcha Tanakh, ndipo kwa iwo si akale chifukwa alibe chipangano china chimene chinabwera pambuyo pake. Mafunso amalandiridwa bwino, pakuti kufunsa ndi kutsutsana pa Malemba ndi mbali ya maphunziro awo. Koma sunagoge si malo ogawira timapepala ta uthenga kapena oyambitsira mtsutso wa za Mesiya. Taganizani mmene tingamvere mlendo wa chipembedzo china atalowa m'tchalitchi mwathu pakati pa Sukulu ya Sabata n'kuyamba kugawa mabuku ake. Nkhani ya nkhondo ya ku Gaza nayonso ndi yopweteka kumbali zonse, ndipo Ayuda a ku South Africa eni ake amasiyana maganizo pa zochita za boma la Israel. Munthu wotionetsa malo ndi wopembedza wa mumzinda wa Cape Town, ndipo sakuimira boma lililonse.

Zimene nyumba ya zinthu zakale imaphunzitsa

Kuchoka mu Old Synagogue, momwe muli likasa lamatabwa ndi ziwiya zasiliva zogwiritsa ntchito pa zikondwerero, mlendo amadutsa pa kamlatho kokumbutsa potsikira m'sitima yapamadzi, monga anachitira obwera kuchokera ku Ulaya. M'chipinda chapansi anamangamo tinyumba tamatabwa tosonyeza mudzi wa Riteve, womwe a ku Lithuania amautcha Rietavas. Banja la Mendel Kaplan, amene anayambitsa nyumbayi, linachokera kumeneko.

Gawo lina limafotokoza za Ayuda m'nthawi ya tsankho la apartheid. Loya wina dzina lake Lazar Sidelsky analemba ntchito Nelson Mandela ali mnyamata, pa nthawi imene makampani ambiri a maloya sankalandira munthu wakuda. Helen Suzman, mwana wa makolo ochokera ku Lithuania, anakhala yekha phungu wa chipani cha Progressive m'nyumba ya malamulo kwa zaka 13, kuyambira 1961 mpaka 1974, akudzudzula malamulo a tsankho. Joe Slovo anabadwira ku Lithuania mu 1926. Denis Goldberg wa ku Cape Town anakhala m'ndende zaka 22 chifukwa cha mlandu wa Rivonia. Koma loya wa boma amene anazenga mlandu womwewo, Percy Yutar, analinso Myuda, ndipo Ayuda ambiri ankangokhala chete n'kumadyerera mwayi wa azungu. Mphunzitsi wabwino amatchula mbali zonse ziwiri, chifukwa mtundu uliwonse uli ndi anthu olimba mtima, amantha ndi ongotsatira.

Pabwalo lomwelo pali Cape Town Holocaust and Genocide Centre, yomwe inatsegulidwa mu 1999, yoyamba ya mtundu wake mu Africa. Imafotokoza mmene boma la Nazi linaphera Ayuda pafupifupi 6 miliyoni pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Ku Lithuania kokha, Ayuda oposa 90 mwa 100 alionse anaphedwa, ambiri mwa iwo mu 1941. Izi zikutanthauza kuti mabanja ambiri amene amapemphera ku Gardens Shul anataya abale amene anatsalira kwawo. Nyumbayi imakambanso za kuphedwa kwa Atutsi ku Rwanda mu 1994. Mlendo aikire gawo limeneli nthawi yokwanira, ndipo si malo ojambulirapo zithunzi zomwetulira za pa Facebook.

Chidani chimene chinafikitsa anthu pamenepo sichinayambe ndi Hitler. Kwa zaka mazana ambiri ku Ulaya, ana ankaphunzitsidwa m'matchalitchi ndi m'masukulu kuti Ayuda onse, a mibadwo yonse, ndi amene anapha Yesu, ndipo nthawi zambiri chiwawa chinkabuka m'nyengo ya Paskha. Mawu omwewo timawamvabe kwathu kuno, nthawi zina kuchokera pakamwa pa mphunzitsi amene sanaonepo Myuda. Mauthenga Abwino amanena za atsogoleri ena a ku Yerusalemu ndi bwanamkubwa wa Chiroma, Pontiyo Pilato, ndipo kupachika pa mtanda chinali chilango cha Aroma. Yesu mwini, amayi ake, atumwi 12 ndi Paulo onse anali Ayuda olowa m'sunagoge. Mwana wa Fomu 2 angamvetse kusiyana kumeneku ngati mphunzitsi wake akukudziwa.

Kwa amene Cape Town watalika

Si tonse amene tingapeze ndalama ya basi yokafika ku Cape Town. Mbiri yomweyi inafika pafupi ndi kwathu. Anyamata awiri apachibale, Elie ndi Harry Susman, ochokera ku mudzi womwe uja wa Riteve, anawoloka Zambezi mu 1901 n'kuyamba malonda a ng'ombe ku Barotseland, kumadzulo kwa Zambia. Ayuda a ku Livingstone anamanga sunagoge wawo m'zaka za m'ma 1920. Atasamuka, nyumbayo inasanduka tchalitchi, koma ikadalipo, ndipo mumzindamo muli kanyumba kosungira mbiri yawo pamalo a Railway Museum. Sukulu imene ikukonza ulendo wokaona mathithi a Victoria Falls ingathe kuwonjezerapo ola limodzi n'kukaona zimenezi.

Ngakhale m'kalasi lopanda mawindo kumudzi, zambiri mwa izi n'zotheka kuziphunzitsa. Mapepala omata pamodzi n'kukulungidwa pa timitengo tiwiri amasonyeza ana mmene mpukutu umatsegulidwira. Mabenchi oikidwa mozungulira tebulo limodzi pakati amasonyeza malo a bimah. Ana akaona mnzawo akuimirira kukawerenga, kenako n'kukhala pansi kuti afotokoze monga ankachitira aphunzitsi a nthawi imeneyo, nkhani ya ku Nazarete sadzaiiwala. Ndipo wina akadzafunsa ngati Ayuda akadalipo, tidzakhala ndi yankho lokhala ndi dzina la msewu, chaka chimene nyumba inamangidwa, ndi tsiku limene mpukutu umatulutsidwa.